Mukaliganize nokha

Pamzere wodikira basi ku Higashi-Osaka, bambo wina anamwaza pansi timapepala tonse ta m'fayilo yake. Mayi amene anali kumbuyo kwake anamuthandiza kutola, kenako anatulutsa khadi m'chikwama.

"Bambo, tayesani ili. Lili ndi kathumba, ndipo limalowa bwinobwino m'timphete ta fayilo yanuyo."

"Mumagulitsa?"

"Ndinalipanga ndine. Ndinapempha patenti, chiphaso choti nzeruyi ndi yanga, koma wounika zimenezi wandikaniza. Akuti aliyense wa ntchito yathuyi akanatha kuliganiza."

"Chifukwa?"

"Anakafukula khadi lamakedzana ndi envulopu ina yakalekale, n'kumati ukamatiza ziwirizi, basi watha."

"Pepanitu mayi, koma sananame. Kathumba ndi kathumba."

"Ikanimo timapepala tanuto. Tsopano likoleni m'timphetemo, muzondotse fayiloyo. Gwedezani mwamphamvu. Chagwa chilipo?"

"Palibe."

"Kukamwa kwa kathumbako kwayang'ana ku timphete, osati kumwamba. Ndinatha zaka zitatu ndikudula ndi kumata kuti ndifike pamenepo. Ndikuchita apilo ine, andimva."

"Aa, kungotembenuza kukamwa basi? Zimenezo ngakhale ine ndikanaziganiza."

"Fayilo yanuyi mwayenda nayo zaka zingati?"

"Makumi awiri."

"Zaka makumi awiri mukutolatola pansi ngati nkhuku, nzeruyo inali kuti?"

"Chabwino mayi, mwandigwira pakamwa. Ndisunge limeneli?"

"Bweretsani kuno. Paja n'losavuta. Mukaliganize nokha."