Ndinasiya Wodi Kukakhala pa Maliro a Bambo Mbewe

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni m'dzina la Yesu. Mwadzuka bwanji nonse? Ine ndadzuka. Koma ndineneretu, lero ndabwera ndi mkwiyo wanga. Ndinayesa kuusiya kunyumba, wanditsatira mpaka muno. Ndiye mundipirire.

Kwa alendo, ine ndine Mayi Nkhoma. Ndimakhala ku Sighthill ndi amuna anga ndi ana awiri. Kumudzi ndinaphunzira za ulimi, digiri yathunthu, ndipo ndinkaphunzitsa alimi kasungidwe ka mbewu. Nditafika kuno ku Glasgow, digiri ija inakagona m'sutikesi. Ndinalowa ntchito yosamalira okalamba ku Shawlands. Kusambitsa, kudyetsa, kusintha zofunda. Sindikuinyoza ntchito imeneyo, ayi, inalera ana anga. Koma zaka zinkapita, msana ukupweteka, ine ndili pomwepo.

Kenako ndinamva kuti kuli maphunziro a unamwino a anthu amene ali kale ndi digiri ina. Zimene anzathu amaphunzira zaka zitatu, ife amatipanikizira m'zaka ziwiri. Ndinafunsira malo, ananditenga! Ndinavina pano pomwe, mukukumbukira. Munandiimbira nthungululu.

Chimene simunamve n'chakuti kozi yothamanga ilibe mpata. Nthawi ina uli m'kalasi, nthawi ina uli m'wodi ngati wophunzira, ndipo maola ako a m'wodi ayenera kukwana. Ukajomba, palibe tchuthi chachitali choti ukabwezere. Ndinafotokoza ku gulu la amayi. Ndinabwerezanso. Munagwedeza mitu.

Ndiye kunagwa maliro. Bambo Mbewe, m'bale wathu amene ankaimba besi m'kwaya, anatisiya. Thupi linkadikira mapepala kuti lipite kumudzi, ndipo mwambo wathu mukuudziwa: amayi tikhale ndi namfedwa mpaka thupi linyamuke. Ine nthawi imeneyo ndinali m'wodi ku Govan. Ndikaweruka ndinkathamangira kusiwa, yunifomu ili m'chikwama, kukapepesa, kutsuka mbale, n'kubwerera. Ndinkayesa ndikuchita bwino.

Tsiku lina m'khitchini mwa anamfedwa, mayi wina wamkulu wa gulu lathu anandiitanira pambali. Dzina sinditchula, akudzidziwa. Anati, "Mayi Nkhoma, pamaliro sasuzumira ayi. Mwayamba uzungu eti? Tamva kuti amayi anu kumudzi akudwala. Tsiku lawo likadzafika, adzakulirirani manesi anzanuwo."

Abale, mawu amenewo! Mayi anga analidi pamphasa ku Dedza. Ndinadziona ndili ndekha m'fulati, ndikulira, pakhomo popanda wogogoda. Ndinachita mantha. Ndinaimba foni kuwodi kuti ndili ndi maliro, ndinamanga chitenje, ndinakakhala pansi pabalaza pa Mayi Mbewe. Mapepala anachedwa. Masiku akupita, ine ndikusenda anyezi. Ndikusenda anyezi, abale, anzanga akuphunzira kubaya jakisoni!

Nditabwerera, anandiitana ku yunivesite. Mphunzitsi wondiyang'anira anandifunsa mwaulemu kuti womwalirayo anali ndani wanga. Ndinati ndi wa kutchalitchi kwathu. Kenako anati pepani, koma maola anu sanakwane, gawo ili mwalephera. Tikupatsani mwayi umodzi wobwereza. Mukalepheranso, kozi yathera pomwepo.

Lamulungu lotsatira ndinalowa muno maso atatupa. Ndani anandifunsa? Ndikufunsa, ndani? Mayi a m'khitchini aja anandigwira dzanja n'kuti, "Zonse ndi nthawi ya Mulungu." Atatero anandikumbutsa kuti mandasi a sabata yamawa ndi anga. Mandasi! Moyo wanga ukugwa, munthu akundiuza za mandasi! Ndinamwetulira, poti tinaleredwa choncho, koma m'kati ndinkayaka.

Amene anagogoda pakhomo panga ndi namfedwa mwini wake. Mayi Mbewe, atangobwerako koika amuna awo, anakwera basi mvula ikugwa n'kufika kwathu. Anakana ngakhale tiyi. Anati, "Ndamva zakuchitikirani. Anakutumani ndani? Ine nyumba inali yodzaza amayi, ndinkasowa ndi popondera. Pamene amuna anga ankatsirizika, amene anawagwira dzanja ndi namwino. Sanali wa gulu lathu ayi. Bwererani kuwodi, ana anu ndizikawatenga kusukulu ine."

Ndinabwerera. Ndinalimbikira ngati munthu wopenga. Ndipo gawo lobwerezalo lili pakati, m'mawa wina ndikuvala nsapato, mlongo wanga anaimba foni kuchokera ku Dedza. Mayi anga apita.

Ndinakwiyira Mulungu. Inde Abusa, ndanena, ndinamukwiyira. Ndinati Ambuye, chaka chonsechi simunaone tsiku lina? Akusukulu sanandiumire mtima. Anati atha kundipumitsa, koma ndidzayambirenso ndi gulu la chaka chamawa, ngati malo adzapezeke. Ngati! Kumudzi anali akukumba kale manda, ngakhale ndikanakwera ndege ndikanapeza ataika. Chotsala chinali kukhala pansi kuno, kulandira opepesa, n'kutaya kozi.

Mayi Mbewe anafika ndi chitenje chawo chakuda cha maliro a amuna awo. Anasuntha tebulo, anakhala pansi pabalaza panga, anatambasula miyendo. Anati, "Namfedwa ndine. Obwera apeza ine. Inu nyamukani, basi ikusiyani."

Ndinanyamuka. Mayi anga ondibereka ndinawaika pafoni, abale. Nthawi yopuma, m'kachipinda komwera tiyi, mlongo wanga atakweza foni kuti ndione bokosi likutsika. Ndinalira mopanda mawu, ndinasamba kumaso, ndinabwerera kukayeza odwala kuthamanga kwa magazi. Munthu wina asadzandiuze kuti sindidziwa kulira maliro. Asadzayerekeze!

Kunyumba ena munabwera. Munaimba, munapemphera, munakhala ndi Mayi Mbewe ngati ndi ine. Mulungu akudalitseni, sindidzaiwala. Ena munati maliro opanda mwini simupitako. Zinandipeza zimenezo. Ndikupempha Ambuye andithandize kukhululuka, ndipo akugwirabe ntchito pa ine, sanamalize.

Koma maola anakwana. Aleluya! Anakwana! Mayeso ndinakhoza. Lero ndine namwino, ndikugwira m'wodi ya okalamba ku Govan komwe kuja. Msana umapwetekabe, koma mankhwala ndimapereka ine, ndipo dokotala akafuna kudziwa za wodwala amafunsa ine. Mulungu amene ndinamukalipira uja sanandibwezere. Ananditumizira mayi wamasiye wokhala ndi chitenje chimodzi. Ndikuthokoza Yehova. Mayi Mbewe, muli apo mwaweramitsa mutu, zikomo. Amuna anga, munapirira, zikomo.

Sindikuti tisiye kulira limodzi, musakandinamizire panja. Kuno kutali ndi kwathu, tikasiyana pamaliro tatha. Koma mwambo ndi woti unyamule munthu amene wagwa. Ine unatsala pang'ono kundigwetsa, ndipo anthu ankaonerera.

Tsopano mverani. Kumbuyoko kwakhala Mayi Zimba achichepere. Imirirani mayi, akuoneni. Iwowa ali ndi digiri ya uphunzitsi, ndipo mwezi wamawa akuyamba kozi yomweyi. Maliro adzagwa, sitingakane, ndife anthu. Akadzagwa, Mayi Zimba adzakhala kuwodi. Malo awo pansi paja ndi anga. Mbale zawo ndidzatsuka ine. Ndipo amene adzakhale ndi mawu pa iwo, asadzawaitanire kukhitchini. Adzabwere kwa ine, adzandiyang'ane m'maso, adzanene.

Ameni? Sindinamve bwino mbali ya amayi iyi. Ameni?