Dengu la Amayi pa Khonde la Hotela

Aulutsi, werengani kalatayi, koma dzina langa lisamveke.

Hotela ya Azungu ya pa Boma la Dedza inamangidwa ndisanabadwe, ndipo bambo anga anaumba nawo njerwa zake. Nditathawa sukulu ku Bembeke, ndinalembedwa ntchito yoperekera zakudya kumeneko. Atandiveka yunifolomu yoyera, ndinayamba kudziona ngati bwana. Uchitsiru weniweni.

Tsiku lina m'mawa kuli chifunga, amayi anatulukira pakhonde la alendo atasenza dengu la mbatata ya kachewere yodzandipatsa. Kwathu mwana amathamangira makolo ake kukawalandira katundu. Ine ndinangoima ndi thireyi m'manja, Azungu akuyang'ana.

"Mwanawe, tanditula, khosi latopa," anatero amayi.

"Ogulitsa malonda amadzera kuseri," ndinayankha.

Anatembenuka n'kumapita, dengu likadali pamutu.

Chaka chino hotelayo yatsekedwa. Denga likudontha, pakhonde paja pakugona mbuzi, ndipo Azungu aja sanatitsanzike n'komwe. Ndinabwerera kumudzi nditasenza kasutikesi kanga. Amayi atandionera patali anaponya khasu, n'kuthamanga kudzandilandira.

Mpaka lero ndikulephera kuwayang'ana kumaso. Anzanga ovala zoyeranu, makolo akafika, ikani thireyi pansi.