Anakhulupirira Foni, Ine Ayi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Middlesbrough. Ndine Tiyamike, ndimasamalira okalamba. Chaka chatha foni inatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito n'kundibweza kumudzi, ndipo kunena zoona mtima umandiwirabe ndikakumbukira.

Nthawi imeneyo ndinkayendera okalamba m'makomo mwawo, ndipo ntchito yonse inali pa foni. Kampani inatiikira apu yotiuza kopita. Ukafika pakhomo udine, pochoka udinenso. Uli m'basi foni ikulira, uli m'tchalitchi ikulirabe, ngati unagulidwa.

Tsiku lina m'mawa ndinapita kwa a Raymond, bambo wachikulire wovutika miyendo. Ndinawasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kuwapangira tiyi. Netiweki m'nyumba imeneyo ndi yovuta, moti apu inangozungulirazungulira osalemba kuti ndafika. Madzulo ake a Raymond anagwa kubafa, n'kutengeredwa kuchipatala mutu utasokonezeka.

M'mawa mwake manijala anandiimbira. "Sisitimu ikuonetsa kuti sunapiteko. Uyambe waima kaye ntchito."

"Ndinapitako ine! Afunseni eni ake," ndinatero.

Anandiyankha kuti bambowo sakukumbukira kanthu, ndiponso sisitimu sinama. Ati sinama! Ine munthu wamagazi, amene ndapukuta makolo a eni dziko ndi manja angawa, ndiye wabodza, kachitsulo ndiye konena zoona? Viza yanga inali m'manja mwa kampani yomweyo, ana anga awiri ali pasukulu konkuno.

Chimene chinandibaya kwambiri n'chakuti nkhaniyi inafika pa gulupu yathu ya Amalawi. Anthu amene timadyera limodzi mgonero ankatumizirana mavoisi kuti ndinasiya munthu akufa ine ndili kokagula zovala. Panalibe ndi mmodzi yemwe anandiimbira kuti amve mbali yanga. Pemphero langa linasanduka mkangano: "Ambuye, Inu munandiona ndikulowa m'nyumba muja. Mwakhaliranji chete?"

Yankho linadzera kumene sindinkaganizirako. A Raymond ali ndi mwana wamkazi ku Australia, amene sindinakumanepo naye. Iyeyu anali atawaikira bambo ake kamera pakhomo, yotumiza zithunzi pa foni yake. Kampani itamuuza kuti bambo ake sanayenderedwe tsiku lija, anatsegula foni n'kuwatumizira vidiyo: ine ndikulowa ndi ambulera yanga, ine ndikutuluka ndi thumba la zinyalala. Anawakalipira mpaka anachita manyazi.

Akampani anandibwezera ntchito ndi kameseji kopanda ngakhale pepani. Ndinapirira mpaka nyumba ina yosungirako okalamba inandilemba ntchito n'kundikonzera viza yatsopano.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti bodza lindimize. Inu amene munafalitsa mavoisi aja, ndikuyesetsa kukukhululukirani, koma sindinafikepo, mundipempherere. Ndipo inu amene mukunamiziridwa lero, musafooke. Lirani, kalipani ngati mtima wadzaza, koma maondo musawaleke. Mulungu ali ndi mboni zimene inu simukuzidziwa n'komwe. Ameni.