Nkhope Inaoneka Kumbuyo kwa Mipando

Moni nonse m'dzina la Ambuye, abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo. Amene simundidziwa, ndine Lazaro Mbewe, wosema uja wa m'njira yopita ku Mkaika. Mpando umene abusa akhalapowo unatuluka m'manja mwangamu. Ukayamba kugwedera musanamizire Satana, mubwere kwa ine.

Nkhani yanga ndi ya mantha. Ndinali munthu wamantha, abale. Wamantha kwambiri.

Kuno ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Sinda, ndinabwera kutsata mkazi wanga Nabanda, ndipo Mulungu anatipatsa ana anayi, woyamba ndi Esinati. Mwambo wathu mukuudziwa. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo ndi akuchikazi, ana ndi akuchikazi. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Eni mbumba akangoti pita, umanyamula nsompho yako n'kupita wekha.

Tsono ndinali ndi chinsinsi. Lamulungu ndinkaimba nanu nyimbo muno, mkati mwa sabata ndinkasema nkhope za gule. Zambiri sindinena, ndinalonjeza, ndiponso muno muli amayi ndi ana. Ankandituma ndi aGwaza, amalume a mkazi wanga, mkulu wa kudambwe. Chibatizidwire ndinkafuna kuwakana. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikufuna kuwakana. Koma akafika pakhomo n'kunena kuti, "Mkamwini, pali kantchito," pakamwa panga pankangotuluka, "Chabwino, apongozi."

Chaka chatha, nthawi yotola thonje, ku boma ku Katete kunabwera maphunziro a bizinesi a anthu aluso: osema, oumba, ojambula, oimba. Masiku asanu. Mphunzitsi wathu anali mayi wa m'tauni, aZulu, wolankhula mosapumira ngati wailesi.

"Imwe aMbewe," anandiuza, "vinthu vanu ni vabwino, koma muvibisa monga mwaba. Kasitomala sagula vamene sanaone. Jambulani, muike pa foni."

Anatiphunzitsa kajambulidwe kake. Pasakhale mdima, tsegulani chitseko, chotsani chilichonse chotchinga kuwala. Anatilowetsanso m'gulu la pa foni, momwe munali ife ophunzira ndi ogula a ku Chipata ndi ku Lusaka.

Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti tsopano ndine wabizinesi. M'kanyumba kanga kosemeramo ndinandandalika mipando itatu ndi mitondo iwiri. Munali mdima, ndiye ndinachotsa thumba limene linali pazenera. Abale, thumba limenelo linkaphimbanso thabwa la pansi pa zenera, pamene panali nkhope ya gule yosamalizidwa, imene aGwaza ankaifuna mwambo wa Kulamba usanafike. Foni yanga ndi yaing'ono, galasi lake ndi losweka, masonso ayamba kukalamba. Ine ndinangoona mipando. Ndinatumiza.

Sipanathe ola, foni inalira. Anali mayi wina woumba mbiya wa ku Vubwi, amene ndinaphunzira naye.

"AMbewe, fufutani chithunzi chija. Ine sindinaone kanthu, koma fufutani."

Ndinayang'anitsitsa. Kumbuyo kwa mipando, nkhope ija inali poyera, mbali ina yopakidwa utoto, mbali ina mtengo chabe, nsompho yanga ili pomwepo. Chinthu chosayenera kuonedwa ndi mayi, chosayenera kuonedwa ndi mwana, ine ndachionetsa mpaka ku Lusaka. Ndinafufuta, koma ena anali atatumiza kale kwa anzawo kuti aone mipando.

Patapita masiku awiri chithunzicho chinafika m'mudzi. Palibe anandiuza, ndinangoona. Ndikafika pa nsolo, amuna ankasiya kulankhula. Ndikapereka moni, ankayankha akuyang'ana pansi. Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, ndikukolola chimanga, ndinaona chilombo cha gule chitaima kumalire kwa munda wanga. Sichinavine. Sichinalire. Chinangoima n'kumandiyang'ana. Abale, nkhope yake ndinaisema ndine, ndi manja omwewa, koma ndinathawa kusiya dengu m'munda.

Chakudya chinasiya kulowa. Galu akauwa, ndinkasuzumira pazenera. Njinga ikaima pamsewu, ndinkati abwera. Nabanda anamva kwa amayi anzake kumjigo, anafika kunyumba misozi ili mbwembwembwe.

"Atate a Esinati, akuti amalume akudikira thonje lithe, ndiye akhale pansi ndi akuluakulu. Akuti mubwerera ku Sinda."

Ndinayang'ana ana anga akusewera pabwalo ngati munthu wotsanzika. Ndinaganiza zothawa asanandithamangitse, mpaka zovala ndinalongedza. Koma mlandu suola, ndipo kuthawako kunali kuwasiya ana omwewo. Ndinagwada pakati pa tizidutswa ta mitengo. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ndakunamizani zaka zonsezi, koma musandilande ana.

Nditadzuka ndinaimbira aZulu. Kunena zoona, ndinkafuna wondimukalipira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Pepani atate, ine sin'nadziwe," anatero. "Koma mukumbuka vamene tinakamba mu kalasi? Ukalakwira kasitomala, suyembekeza kuti abwere. Uyenda ndiwe, na katundu m'manja, ukamba zoona."

Ndinati, "Mayi, awa si ogula mpando."

"Anakutumani nchito. Yendani."

M'mawa mwake ndinakulunga nkhope ija m'thumba, ndinagwira tambala, ulendo kumunda kwa aGwaza. Ndi pafupi, koma m'njira ndinaima katatu. Ndinawapeza akutola thonje okha. Ndinagwada chapatali, monga achitira mkamwini. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Mzere uwo ulibe munthu." Ndinatola mzere wonse. Pamapeto pa mzere anakhala pansi.

Ndinanena zonse, za maphunziro, za thumba, za foni yosweka. Kenako pakamwa panapitirira pokha. Ndinati, "Apongozi, ine ndine munthu wa mpingo. Ntchito yanu ndakhala ndikuigwira ndi mitima iwiri, kuopa kuti mundichotsa pa ana anga."

Anatsegula thumba, anaiyang'ana nkhope ija nthawi yaitali.

"Iyi yafa, yaonedwa," anatero. "Mkamwini, mwatichititsa manyazi, ndipo anthu akwiya. Mukanadikira kuti tikuitaneni, bwenzi mukupita kwanu." Anapukuta thukuta. "Mbuzi mupereka. Ndipo kuyambira lero manja anu asadzakhudzenso chinthu cha kudambwe. Munthu wa mitima iwiri sitimufuna. Ana a mbumba yanga alibe mlandu, pitani mukawalere."

Abale ndi alongo, iwo anachinena ngati chilango. Mawu amene ine ndinalephera kuwatulutsa zaka zisanu ndi ziwiri, Mulungu anawaika pakamwa pa aGwaza. Ndinalira pamzere wa thonje pomwepo, iwo n'kumayesa ndikulirira mbuzi.

Mbuziyo ndinapereka, ndipo inali imodzi yomweyo m'khola. Amuna ena mpaka lero sandiyankha moni. Ng'oma zikalira kudambwe, ndimadzidzimukabe, sindinama. Mundipempherere, mantha sanatheretu. Koma ndimasema mipando, mitondo ndi zitseko, ndipo zina zimakwera minibasi kupita ku Chipata. Aliyense akhoza kulowa m'kanyumba kanga nthawi iliyonse, ngakhale abusa.

Ndikuthokoza aZulu, ndikuthokoza mayi wa ku Vubwi uja, ndikuthokoza Nabanda amene anamasula zovala ndinalongedza zija. Koposa onse ndikuthokoza Mulungu. Esinati, imirira ndi abale ako, mpingo ukuoneni. Abale, awa ndi amene ndikanawasiya. Tabwera limodzi, tibwereranso limodzi kunyumba. Ambuye alemekezeke.