Mpala wa Mayi Esitere Alufandika

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1954 kuno ku Chia, m'banja la Bambo ndi Mayi Alufandika, ndipo anabatizidwa dzina loti Esitere. Anali achiwiri mwa ana asanu. Woyamba ndi mlongo wawo Adamu, amene waima pamaso panu ndi pepalali. Chiyambire dzulo ena mwa inu mwakhala mukukodolana kuti kodi mkulu wa imviyu ndi wakuti. Ndi wa konkuno. Anangochedwa kubwerera kwawo ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Mu 1961 malemu anayamba sukulu ya mishoni. Dzinja likafika ankadutsa m'madambo a mpunga yunifomu ili pamutu, n'kukaivalira kuseri kwa tchalitchi. Mu 1969 analemba mayeso a Sitandade 8, ndipo mwa atsikana onse a dera lino ndi iwo okha amene anasankhidwa kupita ku sekondale. Mayi athu analulutira mpaka mawu anasasa. Dzina la sukuluyo tilisiye, makoma sanalakwe kanthu.

Mu 1971 malemu, Adamu amene anali pa sukulu yomweyo, pamodzi ndi anzawo anayambitsa kalabu ya ana asukulu yotchedwa Thandizani. Loweruka lililonse ankatsikira m'midzi yoyandikana ndi sukulu kukafolera nyumba za okalamba, kutungira madzi odwala khate, kusenda ndi kuviika chinangwa cha amene manja awo anali atafooka. Akhristu ndi Asilamu ankamwera chikho chimodzi. Nkhotakota ameneyo ndi amene Adamu wakhala akumulota kunja kuja, ndipo chibwerereni akumufunabe. Koma achinyamata a lero mumvetse: masiku amenewo ntchito yabwino inali ndi sabata yake pa chaka, nyimbo zake ndi eni ake. Kuthandiza munthu kunja kwa sabata imeneyo, popanda mbendera, kunkafunika kufotokoza kuti wakutuma ndani.

Mwa anthu amene kalabuyo inkawathandiza munali Mayi Madina, mayi wamasiye wa Chisilamu. Mwana wawo yekhayo anathawa m'dziko muno mu 1965 atatchulidwa kuti ndi chigawenga. Kuyambira pamenepo pakhomo pawo panamera udzu. Anthu analeka ngakhale kukapalapo moto. Sikuti anali oipa mtima ayi, ena mwa iwo muli pompano. Ankangodziwa kuti phazi limasiya chizindikiro, ndipo alipo owerenga mapazi.

Mu Okutobala 1972 Mayi Madina anamwalira. Loweruka m'mawa uthenga utafika kusukulu, m'mudzimo zitseko zinali zotseka, aliyense akudikira kuti ayambe ndi mnzake. Pamene Msilamu akamwalira sachedwetsedwa, amayenera kulowa m'manda dzuwa lisanalowe. A kalabu anakumana pansi pa mtengo wa mango, ndipo wapampando wawo anagawa ntchito. Malemu ndi mnzawo Rukiya akasambitse thupi. Adamu, Mohamedi, Sufiyani ndi Ibrahimu akakumbe manda ndi kunyamula jeneza, chonyamulira maliro chija. Wapampando mwiniwakeyo anati athamangira ku boma kukagula sanda, nsalu yoyera yokulungira thupi.

Nsaluyo sinafike. Anadikira mpaka mthunzi unatembenuka. Kenako malemu anabwerera kusukulu, n'kuyalula nsalu yoyera ya pabedi pawo ndi ya Rukiya, n'kuzichapa. Dzuwa la Okutobala silichedwa kuumitsa. Rukiya ankalangiza, malemu akuthira madzi. Mohamedi, amene anaphunzirako kumadrasa, analoza koyang'anitsa manda ndi kutsogolera pemphero. Mayi Madina anaikidwa nthawi yake ili bwino.

Zikanathera pomwepo. Koma malemu anakulira m'mwambo wa kwathu, woti maliro akaikidwa abale amameta. Rukiya anawaletsa, nati kwa Asilamu zimenezo kulibe, makamaka kwa munthu wamkazi. Malemu anangoyankha kuti, "Munthu sangapite ngati nkhuku, wopanda ngakhale mutu umodzi womumetera." Lamulungu anatenga lezala nameta mpala. Lolemba pamzere wa m'mawa, pamene mpango sunkaloledwa, mutuwo unali kung'anima pakati pa atsikana onse. Aliyense ankadziwa kuti kwa Alufandika kulibe maliro. Mpala susowa kazitape.

Sabata yomweyo kunabwera amuna awiri a boma pa Landirova natenga malemu. Pobwerera tsitsi linali litayamba kumera, ndipo khutu lamanzere silinamvenso mpaka tsiku la imfa yawo. Mawa lake pamzere panaitanidwa mayina: Adamu, Mohamedi, Sufiyani, Ibrahimu, Rukiya. Onse anachotsedwa sukulu. Mohamedi anatsekeredwa zaka zitatu popanda kuonekera kubwalo la milandu, natuluka wosalankhula. Sufiyani anapita ku migodi, sanamvekenso. Adamu anatulukira kumpoto mpaka ku Tanzania. Malemu okha anauzidwa kuti abwerere m'kalasi.

Kodi munthu akanaganiza chiyani? Wabwera dzulo, lero mayina atuluka, iye yekha watsala. Amene anakonza zimenezi ankaidziwa ntchito yawo. Pa benchi la malemu panalibe wokhalapo. Asanathe Fomu 3 anamanga katundu wawo okha n'kubwerera kuno ku Chia. Mawu anali atafika kale iwo asanafike, oti mwana wa Alufandika anagulitsa anzake, ndi mlongo wake yemwe.

Mu 1977 malemu anakwatiwa ndi Bambo Zaidi Kalilu, mmisiri wa mabwato. Abale a mwamunayo anamuchenjeza kuti akulowetsa khutu la boma m'nyumba. Iye anayankha kuti khutulo ndi logontha. Aliyense anakhalabe m'chipembedzo chake, ndipo m'nyumbamo simunamveke phokoso la nkhani imeneyo. Mwana wawo woyamba malemu anamutcha Madina. Nazonso zinapeza omasulira.

Kuyambira 1978 malemu ankalima mpunga ndi kugulitsa nsomba zouma pamsewu. Akafika pachitsime nkhani inkasanduka ya mvula. Kumpingo ankayimba nawo, koma udindo uliwonse unkawalambalala. A kwa Ibrahimu sanawapatsenso moni, chifukwa iwo ankadziwa kuti mwana wawo kumanda kuja sanafikeko, ndiye ankati malemu anamunamizira dala. Komabe pamudzi pano pakagwa maliro, oyamba kufika ndi ndowa ndi sopo anali iwo. Ambiri a inu amayi anu anasambitsidwa ndi manja amenewa, inu mukuyang'anitsitsa kuti akumvetsera chiyani.

Tsono anamfedwa ndi inu nonse, imvani zimene malemu anazisunga. Ndi zoona kuti Ibrahimu kumanda sanafikeko. Atachoka pansi pa mango paja anapita kwawo kukatenga khasu, malungo anamugwetsa pamphasa. Anyamata anatsala atatu, pamene jeneza ili ndi mbali zinayi. Panjira anakumana ndi Filipo wa Fomu 4, amene sanali wa kalabu n'komwe. Filipo anafunsa kumene akupita ndi makasu, atamva anavula nsapato n'kutsatira. Malemu anamuona ndi maso awo akunyamula Mayi Madina pakhomo, ndipo pobwera kumanda ndi iwo anamuthirira madzi osamba m'manja.

Muwerengere nokha. Ibrahimu, amene kunalibe, anaitanidwa. Filipo, amene analipo, sanaitanidwe. Amene anapereka mayina ankadziwa amene anatumidwa, osati amene anapita. Anali pansi pa mango, koma pamaliro panalibe. Ife sititchula munthu. Tinaona kumene kutchulana kunalifikitsa dziko lino.

Kwa amuna a Landirova aja malemu anauza chinthu chimodzi chokha, kuti anasambitsa okha, anakumba okha, ndipo jeneza anainyamula okha mbali zonse zinayi. Khutu lija linapita chifukwa cha yankho limeneli. Ndipo zaka zonsezi akanatha kudziyeretsa ndi dzina limodzi. Akanangonena pachitsime kuti Filipo analipo, bodza lonse likanagwa tsiku lomwelo, koma Landirova ikanabweranso. Filipo anamaliza sukulu, naphunzira zachipatala, ndipo ndi Bambo Filipo omwewa amene akhala akubaya ana anu jekeseni. Kangapo konse anapempha kuti aulule okha. Malemu ankawabweza kuti, "Mukapita inu, ana a Chia awabaya ndani? Ine manyazi ndawazolowera ngati nsapato yakale." Mayi Rukiya nawo anamangidwa pakamwa ndi lonjezo lomwelo.

Mu 1992, chaka cha chilala chija, malemu anayamba kudandaula m'mimba. Anapita nawo kuchipatala cha ku boma, kenako ku Lilongwe, kumene madokotala anapeza chotupa chimene chinali chitafalikira kale. Mu Juni chaka chino anapita kukavota pa riferendamu atanyamulidwa pa njinga. Boma litalengeza kuti lakhululukira othawa kwawo, ngakhale silinatiuze chimene tinalakwa, Adamu anabwera nawapeza akadali ndi mawu. Anawapempha kuti tsopano nkhaniyi inenedwe. Iwo anati mvula ikakata matope sauma tsiku lomwelo, tidikire. Anatisiya Lachiwiri pa 9 Novembala 1993, ali ndi zaka 39, mutu uli pamiyendo pa Mayi Rukiya. Dzulo Bambo Filipo anatiuza kuti kudikira kwakwana, dzina lawo litchulidwe pamaso pa anthu. Ndi awo akhala apowo.

Malemu asiya amuna awo Bambo Zaidi Kalilu, ana atatu, Madina, Sofiya ndi Ramadhani, mdzukulu mmodzi, alongo awo awiri ndi ang'ono awo awiri.

M'malo mwa banja tikuthokoza mafumu, abusa ndi amayi a mpingo amene agona pano, a Shehe ndi abale a kumzikiti amene abwera mwaunyinji, adzukulu amene akonza nyumba ya malemu, ndi Bambo Mohamedi amene anakana kuti wina awalande khasu. Tikuthokoza abale a kwa Ibrahimu, amene tawaona akhala kumapeto uko. Sunthirani pafupi, malo alipo. Tikuthokozanso Bambo Stefano, amene anali wapampando wa kalabu ya Thandizani, ndipo chaka chotsatira anapita kukaphunzira kunja pa chithandizo cha boma. Achokera kutali pa galimoto yawo, ndipo atibweretsera nsalu yoyera yoyala m'bokosi. Bambo, nsalu yafika. Taipinda bwinobwino, ili pampando wanu. Malemu tawayalira ya pabedi pawo.

Mawa m'mawa kuli kumeta. Lezala ili ndi Mayi Rukiya, amene ati ulendo uno saletsa munthu. Abale tidzameta monga mwa mwambo. Koma malemu anatiphunzitsa kuti wometa sachita kukhala mbale, choncho aliyense amene akudziwa kuti ali ndi chifukwa, mpando udzakhala pabwalo.

Esitere, mlongo wathu, dzina lanu lasambitsidwa monga munkasambitsira anzanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.