Mamina a Mwana wa Eni

M'chaka cha 2009, chimfine cha nkhumba chili pakamwa pa aliyense mu London, Henderson ndi mlongo wake wamkulu Rabecca anatenga Effie, mwana wa Henderson wa zaka zitatu, kukaona nsomba za m'magalasi kufupi ndi mtsinje wa Thames. Loweruka onse anali ndi ulendo wa ku Malawi, kumene Rabecca anali asanapondeko kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mkazi wa Henderson, namwino Joyce, anawalembera malamulo papepala n'kuwachenjeza kuti wotentha thupi ndege sakwera.

M'nyumba ya nsombamo anthu anali atathithikana ngati m'minibasi ya m'mawa. Henderson anatambasula pepala.

"Lamulo loyamba," anawerenga. "Mwana atalikirane ndi anthu mita imodzi."

"Mitayo ukaigula kuti muno?" anatero Rabecca, akupatula anthu ndi chigongono. "Tabwera kudzaona nsomba, osati misana."

"Achemwali, mwamuyandikiza kwa bambo awa."

"Awa ndi munthu, si nkhumba."

Henderson anayang'ana pepala. "Pano analemba anthu. Nkhumba sanalembe."

Anafika pagalasi. Rabecca anamasula chitenje chimene anaberekera Effie n'kumutsitsa pansi.

"Lachiwiri. Asagwire galasi."

"Sakugwira. Manja ali kumbuyo."

Zinali zoona. Effie anali atapinda manja kumbuyo mwaulemu, akunyambita galasi moyang'anizana ndi chinsomba cha shaki. Henderson anatembenuza pepala, kuseri kunalibe kanthu.

"Za lilime sanalembe," anatero, n'kumupaka mwanayo mankhwala ophera tizilombo m'manja, monga mwa lamulo lachitatu.

Pambali pawo kamnyamata kachizungu kanayetsemula, mamina n'kutsika mizere iwiri. Mayi ake anali kalikiliki kujambula nsomba.

"Kula," anatero Rabecca. Anawerama n'kukagwira mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Mina."

Kamnyamatako Chichewa sikankadziwa, koma kanamina.

"Achemwali, mwana ameneyu mukumudziwa?"

"Mamina ndiwo ndikuwadziwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Ngwathu?" Henderson anaganiza pang'ono. "Ngati ngwathu, lamulo lachitatu likumukhudza." Anakathira mankhwala m'manja nakonso.

Apo mayi uja anatembenuka. Anaona anthu awiri achilendo atazungulira mwana wake, wina ali pamphuno wina ali m'manja. Anamukoka n'kulowa naye m'gulu, Chingerezi chikutuluka chothamanga.

"Waona?" anatero Rabecca. "Ngakhale zikomo."

Kenako anapukuta Effie kukamwa ndi chitenje chomwecho. Henderson analoza chitenjecho.

"Nsonga yake ndi yomwe ija?"

"Chitenje chili ndi nsonga zinayi."

"Inu mwagwiritsa iti?"

"Yapafupi."

"Aaa, achemwali. Joyce akandifunsa ndikanena chiyani?"

"Ukanene kuti mwana wabwera woyera. Iwe, ife tonse seveni tinakulira nsonga imodzi ya amayi. Anafa ndani?"

"Achimwene a Thom."

"Thom inali lole. Usasokoneze nkhani."

"Koma pa nyuzi akuti..."

"Pa nyuzi! Chimfine ndi matenda ngati? Ine ndakhala ndikusambitsa nkhalamba ku Croydon zaka sikisi, zikunditsokomolera kumaso, shifiti sindinajombepo. Azungu akuopa mamina basi."

Henderson anachita mantha enieni. Anaona m'maganizo Effie atatentha pa eyapoti, masutikesi akubwerera ku Lewisham, amayi kumudzi akudikira mdzukulu amene ankangomumva pafoni. Popeza pepala linalibe mawu pa za chitenje, anachita zomwe ankadziwa. Anathira mankhwala pa nsonga ija, pa galasi pamene panadutsa lilime, pa nsapato za Effie, otsala n'kudzikhuthulira yekha m'manja mpaka kudontha. Fungo lake linamukwera m'mphuno.

Anayetsemula. Anayetsemulanso. Kachitatu pepala linagwa.

Anthu anapatuka mwakachetechete, mpata n'kutseguka mbali zonse. Henderson, misozi ili m'maso, anatambasula dzanja.

"Achemwali, ndibwerekeniko nsonga imodzi mwa zitatu zotsalazo."

Rabecca anali atamubereka kale Effie, ataima kutsidya limodzi ndi azungu, chikwama atatseka nacho pakamwa.

"Ima pomwepo," anatero.

"Ndi fungo la mankhwala chabe."

"Katatu?"

"Mwanena kuti chimfine si matenda."

"Cha ana. Iwe uli ndi ndevu."

"Mwana wa eni mwamupukuta."

"Uja anayetsemula kamodzi, mwaulemu. Wayamba liti kumva kuzizira?"

"Sindikumva kuzizira."

"Ndi mmene chimayambira. Makiyi a nyumba uponye pansi, ife tikwera sitima. Iwe ukagona kwa Marvin, mnzako wa ku tchalitchi uja."

"Achemwali, ine ndine mlongo wanu."

Rabecca anabwereranso sitepe ina kumbuyo.

"Mlongo ndidzam'peza ndikabwerako. Ndege ya Loweruka ndi imodzi."