Ndibweranso Lolemba

Pamzere wolandirira mankhwala kuchipatala, makaniko wina wovala ovololo yothimbirira ndi oyilo anaona kutalika kwa mzerewo, n'kugwa ulesi. Atanyamuka kuti azipita, mayi amene anakhala naye pabenchi anamugwira mkono.

"Achimwene, mukupita osalandira?"

"Ndibweranso Lolemba, mayi. Ndinadumphitsa kale, lero lokha silisintha kanthu."

"Munadumphitsa bwanji?"

"Akazi anga ndiwo ankandiikira mapilitsi pambali pa kapu ya tiyi. Atandithawa, tiyi ndinasiya, mapilitsinso n'kuiwala. Tsiku limodzi linabala mwezi. Ndiye anesiwa andikalipira ngati mwana."

"Kukalipiridwa sikupha munthu. Botolo la mapilitsilo mukalimangirire kumswachi ndi labala. Mukaphonya lero, mawa pitirizani, osadikira sabata yatsopano."

"Mukuyankhulatu ngati adokotala. Inuyo mukudwala chiyani?"

"Ine sindikudwala." Mayiyo anatsegula chikwama. Munali mabotolo a mapilitsi osatsegula n'komwe. "Ndabwera kudzabweza awa. Anali a amuna anga. Nawonso ankangoti ayambiranso Lolemba."

"Ndiye anayamba?"

"Lolemba lakelo ndi limene tinawaika m'manda. Khalani pansi, achimwene."